Hatchi Yaulere ndi Ngodya ya a1

Kombi ya madzulo yochokera mu Gaborone kupita ku Metsimotlhabe imayenda mwaulesi ikafika pa Mogoditshane, pamene magalimoto amathinana ngati ng'ombe pachipata cha khola. Lamulungu limenelo pampando wakumbuyo tinalipo anthu anayi olankhula Chichewa. Atatu tinkalongolola. Wachinayi, mwana wa mlongo wanga wa zaka 17, anangotsamira zenera ali duu, chikwama cha bolodi chili pamiyendo. Tinkachokera kumpikisano wa tchesi wa masiku awiri, wa mtundu uja zotsatira zake zimatumizidwa ku bungwe la FIDE kuti zilowe m'retingi ya wosewera aliyense, ndipo gemu yake yomaliza ndiyo inayatsa moto umene mpaka lero sunazime pakati pa anzanga awiri: aphunzitsi a masamu ochokera ku Dedza, ndi amakaniki ochokera ku Chipata amene amakonza magalimoto m'mbali mwa msewu wa ku Molepolole.

Gemuyo inayenda motere. Mnyamatayu anali ndi zakuda. Kutsogolo kwake kunakhala bambo wina wachikulire wa konkuno, wa imvi zake, amene ankamuposa ndi mapointi pafupifupi 200. Bamboyo anayamba ndi poni ya kutsogolo kwa mfumukazi, ndipo anakokerana mu Queen's Gambit Declined: 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Nbd7 5.cxd5 exd5. Apa munthu woyang'ana mwachangu amaona poni ya pa d5 ngati nyama yogwa yokha. Hatchi ya pa f6 imene ikuilondera ikuoneka yomangidwa miyendo, chifukwa ikangosuntha, bishopu wa pa g5 adya mfumukazi. Bamboyo anaganiza mphindi ziwiri zokha n'kudya, 6.Nxd5. Mnyamata sanaganize n'komwe. Anagwira hatchi yomangidwa ija n'kudya nayo, 6...Nxd5, kusiya mfumukazi yake poyera. 7.Bxd8 Bb4+. Tcheki imeneyi ilibe pothawira, ndipo chotchingira chilipo chimodzi chokha, mfumukazi. 8.Qd2 Bxd2+ 9.Kxd2 Kxd8. Fumbi litatsika, zakuda zinali ndi hatchi yathunthu yoposera, posinthanitsa ndi poni imodzi basi. M'mabuku msampha umenewu anaupatsa dzina la njovu. Wotchi ya mnyamata inali isanadye ndi mphindi imodzi yomwe.

Patapita maola awiri anagwirana chanza atalepherana. Pabolodi panatsala mfumu yoyera itakhala phee pa a1, mfumu yakuda pa b3, poni yakuda pa a2, ndi bishopu wakuda akungoyendayenda patali ngati mlendo pamaliro a eni ake.

Amakaniki ndiwo anayamba, kombi isanatuluke mu Mogoditshane. Mfundo yawo ndi yakuti gemu ya masiku ano imapambanidwa kunyumba, munthu asanakhale pampando. Iwo amati taonani mwanayu: pa retingi ndi wamng'ono, pa zaka ndi wamng'ono, pa luso lowerenga bolodi sangafanane ndi mdala uja ngakhale pang'ono, koma pofika muvu ya 9 anali atamugwira pakhosi. Chinamufikitsa pamenepo n'chiyani? Si nzeru zobadwa nazo. Ndi maola amene anakhala pafoni akubwereza mamuvu omwewo mpaka zala zitawadziwa. Ndipo masamu a retingi, amene aphunzitsi sangawatsutse chifukwa ndi ntchito yawo, amanena kuti munthu woposedwa ndi mapointi 200 amayembekezeka kutola pafupifupi 24 pa 100 iliyonse. Njira yowerengera imeneyi anaikonza ndi Arpad Elo, ndipo FIDE inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Tsono ngati mwana amene pepala likuti agonja wabwerako ndi theka la pointi, mwati kuloweza sikunalipire?

Iwo sanalekere pomwepo. Anakumbutsa aphunzitsi za London mu 2000, pamene Vladimir Kramnik analanda ufumu wa tchesi kwa Garry Kasparov. Kasparov ankadziwika ndi kuukira kwaukali, ndipo dziko lonse linkamuopa akagwira zoyera. Kramnik anabwera ndi Berlin Defence, katsegulidwe kamene anthu ankakaona ngati kachikale, n'kukakonza bwinobwino ndi gulu lake. Kasparov anagunda khoma limenelo kanayi konse osalibowola, ndipo mpikisano wonse unatha iye asanapambane gemu ndi imodzi yomwe, 8.5 kwa 6.5. Kodi Kramnik anali woposa Kasparov pa luso? Amakaniki amati ayi, anangomuposa pa kukonzekera.

Palinso mfundo yawo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonsezi, ngakhale iwo amaitchula mongodutsa. Ndi nkhani ya wotchi. Mipikisano yambiri ya kuno ndi ya kumapeto kwa sabata, magemu angapo pa tsiku limodzi, chifukwa osewera ndi ana asukulu ndi anthu apantchito. Munthu amene akudziwa mamuvu ake khumi oyambirira amawasewera akupuma bwino, n'kusunga mphindi zake kuti akazigwiritse ntchito pamene pavuta. Amene akuyamba kuganiza pa muvu ya 4 amafika pakati pa gemu mutu utatentha kale. Ndipo mukatuluka kunja, kuipiraipira. Ku Olympiad, monga ya ku Chennai mu 2022 kapena ya ku Budapest mu 2024, timu ya Malawi, Zambia kapena Botswana imakumana ndi anthu amene amatsegula kompyuta gemu isanayambe n'kuona magemu ako akale, kumene umakonda kupita ndi kumene umapunthwa. Kupita kumeneko ndi mutu wokha, amatero amakaniki, kuli ngati kupita kukakonza injini ya masiku ano ndi sipanala imodzi.

Aphunzitsi anawalola kuti amalize, monga amachitira ndi ana a m'kalasi, kenaka anangofunsa kuti, "Achimwene, nanga hatchi ija ili kuti?"

Apa ndipo pagona mbali yawo yonse. Iwo amati hatchi yoposera, kwa munthu wodziwa tchesi, ndi gemu yatha. Mwanayu anapatsidwa mbuzi yonenepa koma analibe mpeni. Ndipo anafotokoza, akujambula ndi chala pamsana pa mpando wakutsogolo, mmene mdala uja anapulumukira. Pali lamulo limene mwana aliyense amalimva: ukakhala pamwamba, sinthanitsa. Mnyamata wathu ankadziwa theka la lamulolo. Lonse limati amene ali pamwamba asinthanitse zida zikuluzikulu koma asunge maponi, pamene amene ali pansi achite khama kuti maponi athe pabolodi. Mdala uja ankadziwa zimenezi. Anapereka maruku onse awiri mosanyinyirika, anapereka bishopu wake pa hatchi imodzi, hatchi yake pa inzake, koma nthawi yonseyi ankakokera maponi kuti adyane, imodzi imodzi, makamaka a mbali ya mfumu. Mnyamata ankalandira chilichonse mosangalala, akuona ngati akuyandikira kumudzi. Pomaliza anatsala ndi bishopu ndi poni imodzi ya m'mphepete, ya mzere wa a.

Bishopu ameneyo ndi uja anayambira pa c8, woyenda m'mabwalo oyera moyo wake wonse. Poni ya mzere wa a imayenera kukafika pa a1 kuti isanduke mfumukazi, ndipo a1 ndi bwalo lakuda. Mfumu ya mdani ikangokalowa m'ngodya imeneyo, palibe chimene chingaitulutsemo. Bishopu sangaiopseze chifukwa safika pabwalolo, ndipo ukaipanikiza kwambiri imasowa poponda koma isali pa tcheki, zimene malamulo amati ndi kulepherana. Mnyamata akanasunga poni ya mzere wa h, imene imakathera pa h1, bwalo loyera, bwenzi titakwera kombi tikuimba. Mdala uja anaziona zimenezi kutatsala mamuvu ambiri, ndipo mfumu yake inayamba ulendo wa ku a1 mnyamata akuganiza kuti ikuthawa.

Aphunzitsi anawerengeranso mtengo wake. Wosewera wosakwana zaka 18 amene retingi yake ili pansi pa 2300 amawerengeredwa ndi nambala 40. Kupambana munthu womuposa ndi 200 kukanamupatsa mapointi pafupifupi 30. Kulepherana kunamupatsa pafupifupi 10. "Mapointi 20," anatero, "anawataya chifukwa cha phunziro la mphindi zisanu limene sanaliphunzire, pamene anali kalikiliki ndi misampha." Iwo amakonda kutchula José Raúl Capablanca wa ku Cuba, amene m'buku lake la mu 1921 anayamba kuphunzitsa za kumapeto kwa gemu asanakhudze za katsegulidwe. Amakumbutsanso kuti Capablanca yemweyo, ku New York mu 1918, anakumana ndi Frank Marshall atamubweretsera chiwembu choopsa mu Ruy Lopez, chimene lero chimadziwika ndi dzina la Marshall. Capablanca anadya poni imene anapatsidwayo, anapirira mkuntho wonse akuwerenga pabolodi pomwepo, n'kupambana.

Koma nkhani imene aphunzitsi amaikonda kwambiri, ndipo amainena akuseka mpaka misozi, ndi ya Viswanathan Anand. Ku Biel mu 1988, ali ndi zaka 18, Anand anasewera ndi Alonso Zapata wa ku Colombia. Anali ataona m'buku la magemu la Informator, lija limasindikizidwa ku Belgrade, gemu ya Tony Miles ndi Larry Christiansen mmene zakuda zinasewera bishopu pa f5 pa muvu ya 5 mu Petroff Defence, gemu n'kutha molepherana. Iye anatengera. Chimene bukulo silinanene n'chakuti akuluakulu awiriwo anali atagwirizana kale zolepherana, ndipo palibe amene ankafuna kupweteka mnzake. Zapata anangoika mfumukazi pa e2, Anand n'kuona kuti chida chapita, n'kugonja pa muvu ya 6. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati zinamugwera munthu amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wa dziko lonse, nanga mwana wa ku Metsimotlhabe amene akutengera kanema wa pa YouTube?

Amakaniki anayankha kuti Anand sanagonje chifukwa chowerenga koma chifukwa chowerenga moperewera, ndipo kuti lero kompyuta ikanamuchenjeza m'kamphindi. Aphunzitsi anali atawadikira pomwepo. Ku Brissago mu 2004, Kramnik yemwe uja wa khoma la Berlin anakhulupirira zimene kompyuta inaonetsa gulu lake, n'kusewera mamuvu ake mothamanga polimbana ndi Peter Leko. Leko anatha nthawi yochuluka akuganiza yekha pabolodi, n'kupeza kuti makinawo anawasiya asanamalize kuwerenga. Kramnik anagonja gemu imeneyo ndi mamuvu ochokera kunyumba.

Tinatsika kombi kutada, koma mkangano unatitsatira mpaka pakhonde. Ine ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa mwanayu amagona m'nyumba mwanga, ndipo ndalama za intaneti imene amaonera misamphayo zimachoka m'thumba mwanga.

Ndikanena zoona, mtima wanga umapendekera kwa aphunzitsi, koma osati mpaka kumene iwo amafika. Pali chinthu chimene amachilumpha dala. Mdala uja, ndi luso lake lonse la kumapeto, anataya hatchi pa muvu ya 6 mumsampha umene unalembedwa m'mabuku kalekale, zaka za m'ma 1800. Anapulumuka, inde, koma anapulumuka chifukwa anakumana ndi mwana. Akanakumana ndi munthu wa msinkhu wake, bwenzi atapita kunyumba dzuwa likadali pamutu. Iyenso anataya mapointi ake asanu tsiku limenelo. Kunyoza katsegulidwe n'kosavuta kwa munthu amene akufuna chifukwa chosawerengera, ndipo ndimawadziwa akuluakulu angapo, kuno ndi kwathu komwe, amene amabisa ulesi m'mawu akuti ife timasewera ndi mutu. Aphunzitsi amakondanso kunena za Miles, amene ku Skara mu 1980 anayankha 1.e4 ya Anatoly Karpov ndi kamuvu konyozeka ka 1...a6 n'kupambana katswiri wa dziko lonse. Koma Miles anali Miles. Ankadziwa njira zonse zoongoka asanasankhe yokhota, ndipo nkhaniyo timaikumbukirabe lero chifukwa zoterezi sizichitikachitika.

Kumbali ya amakaniki, chimene amaiwala ndi kukula kwa dziwe limene tikusambiramo. Botswana ndi dziko lalikulu koma la anthu ochepa, ndipo osewera a retingi amene amabwera kumipikisano ya mu Gaborone amadziwana nkhope. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu n'chimodzimodzi. Msampha umagwira munthu kamodzi. Mwezi wamawa mdala uja akadzakhalanso kutsogolo kwa mnyamatayu, pa muvu ya 6 adzangokankha poni pa e3 mwakachetechete, ndipo gemu yeniyeni idzayambira pomwepo, m'munda umene mwanayu sanalimemo. Aliyense amene anakhalapo pabawo pansi pa mtengo wa mango amadziwa zimenezi: kachenjerero kako ka poyamba kamadyetsa sabata imodzi, kenaka bwalo lonse lakadziwa, ndipo otsala ndi okhawo otha kuwerenga maenje. Komanso pa msinkhu wa retingi umene ambirife tili, mnzako sakhala m'buku nthawi yaitali. Amatulukamo pa muvu ya 5 kapena ya 7, osati chifukwa cha nzeru koma chifukwa sakulidziwa, ndipo mamuvu ako 20 oloweza amatsala m'mutu ngati ndiwo zopanda nsima.

Chimene chinandidabwitsa nditakhala pansi ndekha n'chakuti chitsanzo chachikulu cha amakaniki chimagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Mu Berlin Defence ija, mafumukazi amachoka pabolodi pa muvu ya 8, mfumu yakuda n'kukhala pa d8, pomwe paja inakhala ya mnyamata wathu. Kramnik sanaloweze msampha. Anasankha katsegulidwe kamene kamathera m'mapeto amene iye ankawamvetsa kuposa Kasparov, ndipo anaphunzira ulendo wonsewo kuchokera pakhomo mpaka kudambo. Msampha wa njovu nawo ndi wotero. Ukatha muvu ya 9, mafumukazi kulibe, ndipo chimene chatsala ndi gemu ya kumapeto. Munthu amene akutchera msampha umenewu akuitanitsa yekha mapeto oterewo, afune asafune. Kuuphunzira n'kulekera pa muvu ya 9 ndiko kulakwa kwa mwanayu, osati kuuphunzira kumene. Mabuku a ku Belgrade aja anagawa katsegulidwe konse m'magulu 500, kuyambira A00 mpaka E99. Palibe wa ife amene angawamalize. Koma awiri kapena atatu, kuwatsatira m'magemu athunthu, kuona maponi amene amatsala, bishopu amene amakhala wabwino ndi amene amasanduka chitsa, zimenezo n'zotheka ngakhale kwa munthu wobwera kuntchito atatopa.

Ndikaganiza za anthu a m'chigawo chathu chino amene anafika patali, sindiwaona ngati a gulu la amakaniki kapena la aphunzitsi. Amon Simutowe wa ku Zambia, wobadwa mu 1982, anatenga ukatswiri wa dziko lake ali mnyamata, anakwaniritsa chiyeso chake chomaliza ku Arnhem mu 2007, ndipo mu 2009 anakhala Grandmaster woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Tuduetso Sabure wa konkuno ku Botswana anapambana mpikisano wa amayi wa Africa yonse ku Lusaka mu 2005. Kenny Solomon wa ku South Africa anapambana wa Africa ku Namibia mu 2014. Pamalo oterowo munthu wosakonzekera samaliza tsiku loyamba, ndipo woloweza yekha samaliza lachiwiri. Tshepiso Lopang, mayi wa ku Botswana, anasankhidwa mu 2022 kutsogolera bungwe la tchesi la Africa, ndipo kwathu a Susan Namangale, amene anatsogolerapo bungwe la tchesi la Chessam, akhala akukokera tchesi kwa ana. Funso la anzanga awiriwa likhudza ana amenewo, chifukwa ambiri a iwo mphunzitsi wawo woyamba ndi foni, ndipo foni imakonda kuonetsa mfumukazi ikuperekedwa nsembe kusiyana ndi mfumu ikuyenda pang'onopang'ono kupita kungodya.

Aphunzitsi sanalephere kuponya mwala womaliza usiku umenewo. Anatikumbutsa za ku Singapore pa 12 December 2024, pamene Gukesh Dommaraju wa zaka 18 analanda ufumu kwa Ding Liren. Magulu awiri a akatswiri anakhala miyezi akukonza katsegulidwe ndi makompyuta amphamvu, koma zonse zinathera pa muvu ya 55 ya gemu ya 14, bolodi litatsala pang'ono kuyera, Ding atasuntha ruku yake pa f2 bishopu wake ali m'ngodya. Amakaniki anayankha kuti Ding yemweyo anapambana gemu yoyamba atadzidzimutsa mnzake ndi French Defence, ndiye tiwerenge ziti? Apo mayi a kunyumba anatulutsa mutu pazenera n'kufunsa ngati alendowa agona pano, kuti awonjezere ufa.

Loweruka lotsatira ndinapita kugalaja kukatenga batire ya galimoto ya kuntchito. Ndinapeza bolodi litayalidwa pamwamba pa diramu la mafuta, pamthunzi. Panali zida zinayi zokha. Amakaniki anali atagwira zakuda, manja ali bii ndi girizi, akuyesa kutulutsa mfumu yoyera pa a1, ndipo mnyamata wathu ankangoisuntha, b1, a1, b2, a1, osayang'ana n'komwe.

"Iwe, tabweza kaye, ndinalakwitsa pamenepo," anatero amakaniki, kachisanu.

"Bwezani mmene mungafunire, bambo. Ine ndayesa sabata yonse."

Aphunzitsi anali atakhala pa tayala pambali, kope lili pabondo, ngati akulemba za kusukulu. Nditasuzumira ndinaona mzere umodzi wa manambala ndi zilembo, wolembedwa mosamala, wothera pa 9...Kxd8. Atandiona anatseka kopelo msanga, n'kundifunsa ngati mvula yayamba kwathu.